Funso la Bwato ndi Nkhondo za Aroma ndi Akateji

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndinapuma ntchito ndili mphunzitsi wamba, pamene anzanga amene tinatuluka limodzi ku koleji anafika pa uhedi, ena mpaka kukhala oyendera masukulu. Amayi anu amakuuzani kuti ndi liuma langa. Sakunama kwenikweni, koma nkhaniyi ili ndi mutu wake, ndipo ndikufuna muimve kwa mwiniwakene ndisanayambe kuiwala mayina. Pa zinthu ziwiri zimene ndinachita ku Phalombe, chimodzi ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Chinacho ndingachichitenso mawa m'mawa.

1993: Kufika

Ntchito ndinaiyambira kwathu ku Ntchisi, pa pulayimale, ndipo kumeneko kunalibe nkhani yoti ndikutayireni nthawi. Kalata yondikweza kukaphunzitsa sekondale inandipeza m'chaka cha 1993, dziko likuwira ndi nkhani ya zipani zambiri. Inati Phalombe. Amayi anu atamva anakhala pansi, nati, "Kuja madzi a m'phiri anakokolola anthu kuja?" Ndinati komweko, longedzani mapoto. Nthawi imeneyo Phalombe inali isanakhale boma palokha, kalata iliyonse tinkakasainitsa ku Mulanje, ndipo msewu wake unali woti ukafika uyambe wawerenga mano ngati onse alipo.

Sukulu yake sindiitchula dzina. Inali yoyendera, m'mbali mwa msewu wochoka pa Boma kulowera ku Jenala: zipinda ziwiri, kaofesi kamodzi, ndi mtengo wa mango umene unali holo yathu. Ahedi anali a Saukila, munthu wamfupi wa ku Chiradzulu, wosamala zinthu kwambiri, woyenda ndi mulu wa makiyi ngakhale zitseko zokhoma zinali zitatu zokha. Tsiku loyamba anandikhazika pansi nati, "A Kamphinda, pano tili ndi malamulo awiri. Choko chikatha musadandaule. Makolo akabwera ndi mlandu musayankhe, ndiyankha ndine." Ndinavomera onse awiri, osadziwa kuti lachiwirilo ndidzaliswa pamaso pa anthu.

Choko chinkathadi. Ana ndi amene anandiphunzitsa kulemba pa bolodi ndi makaka, chinangwa chouma chija. Chimalemba bwino ndithu, vuto lake n'lakuti ukachisiya patebulo nthawi yopuma, pobwera umachipeza chitafupika. Buku la mbiri yakale linali limodzi sukulu yonse, lopanda chikuto, ndipo linkagona m'chikwama changa. Ichi muchisunge m'mutu: mwana aliyense ankadziwa chokhacho chimene ine ndamuuza tsiku limenelo. Panalibe woti n'kuwerengeratu zakutsogolo.

Popeza mabuku kunalibe, ndinkaphunzitsa ndi thupi. Ana ankasanduka mafumu, amalonda, ngakhale mitsinje. Pamenepo ndinali katswiri, ndipo sindidzichepetsa: mbiri imene ankaigonera kwina, kwa ine ankaithamangira. A Saukila anaona zimenezi, ndipo pofika 1995 anali atatumiza dzina langa ku Mulanje kuti ndikakhale hedi pa sukulu ina yatsopano imene inkamangidwa.

1995: Funso

Kwa inu amene mbiri munaithawa, nkhani yake ndi iyi. Kalekale, Yesu asanabadwe, kunali mizinda iwiri yoyang'anizana, nyanja ili pakati. Roma inali kumpoto, ku Ulaya. Kateji inali kummwera, muno mu Afirika, kumene lero kuli dziko la Tunisia. Akateji anali anthu a zombo ndi malonda, ndipo makolo awo anachita kubwera kuchokera kummawa n'kupempha malo. Aroma anali alimi ndi asilikali a pamtunda, za pamadzi sankazidziwa. Mizinda iwiriyi inamenyana katatu m'zaka zopitirira zana, kulimbirana kuti mwini nyanja ndi zisumbu zake akhale ndani.

M'mawa wina ndinalowa mu Fomu 2 ndili ndi nzeru imene ndinkaiona ngati ya chaka. Ndinafunsa kuti, "Ndani mwa inu anakwerapo bwato?" Manja anakwera, oposa theka la kalasi. Ndinati, "Inu ndinu Akateji, khalani mbali ya kumawindo. Otsalanu, amene madzi mumawadziwira m'beseni, ndinu Aroma." Kalasi inaphulika ndi kuseka, mabenchi anakokedwa, ine ndili njo kutsogolo, kudzitama mumtima.

Chimene sindinaone n'chimene aliyense wobadwira kumeneko akanaona nthawi yomweyo. Onse amene anakweza manja anali ana a Alomwe, a ku Jenala ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ana a alimi ndi asodzi amene agogo awo anachokera ku Mozambiki. Onse otsala anali ana a anthu a pantchito a pa Boma, ochokera m'maboma ena ngati ine, obwera pa njinga atavala nsapato. Zaka ziwiri ana amenewa ankakhala mosakanikirana pa benchi imodzi. Ine ndi funso limodzi ndinawapatula bwinobwino ngati mpunga ndi mankhusu, n'kuika kanjira pakati.

Mbali iliyonse inasankha mtsogoleri. Akateji anasankha Feliya Namaona, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mwana wa msodzi, amene anabwereza Sitandade 8 katatu osatopa, wa mawu omveka kuchokera kumsewu. Aroma anasankha Dalitso Chapola, mnyamata wanzeru, wokonda kutsogola, amene bambo ake anali kalaliki wamkulu pa ofesi ina pa Boma komanso wapampando wa komiti ya sukulu yathu.

Nkhondo yoyamba inayenda mokoma. Ndinawauza kuti Aroma analibe zombo, choncho anatola chombo cha Akateji chimene chinatsakamira pagombe, anachitengera mapangidwe, ndipo poyembekeza kuti amisiri amalize ankaphunzira kupalasa atakhala pamtunda. Ndinawakhazika Aroma anga pafumbi, aliyense ndi kamtengo, kupalasa mphepo. Akateji anaseka mpaka misozi. Feliya anati, "Aphunzitsi, awatu amira asanachoke padoko!" Koma nditawauza kuti Aroma anaika mlatho wa thabwa pa zombo zawo, woti augwetsere pa chombo cha mdani n'kumenyana ngati ali pamtunda, ndiponso kuti pamapeto pake anapambana n'kulanda chisumbu cha Sisile, kuseka kuja kunasamukira mbali ina. Akateji anakwiya zenizeni. Ine ndinawatonthoza kuti, "Musadandaule, dikirani nkhondo yachiwiri muone zokoma."

Mayina aja anatuluka m'kalasi. Ku mpira kunali Aroma ndi Akateji. Panjira yopita kwawo, Aroma ndi Akateji. Amayi anu ndiwo anayamba kuona utsi. Anati, "Bambo, ana anu aja kumjigo sakupoperana madzi. Wina akafika, winayo akuchotsa ndowa." Ine ndinayankha ndili pa mpando, mwendo pamwamba pa unzake, kuti ndiye kuti phunziro lalowa. Anangondiyang'ana n'kubwerera kukhitchini.

1995: Khoka la pabwalo

Nkhondo yachiwiri ili ndi munthu wake, mkulu wa asilikali a Kateji amene dzina lake mulipeza m'buku lililonse. Ana a m'kalasi mwanga anamutcha Diso Limodzi, chifukwa diso lina linawonongeka akudutsa m'madambo, ndipo inenso ndimutcha choncho. Ndinawatulutsa panja, ndinawalozera phiri la Michesi, ndinati, "Mukuliona ilo? Muliike pamwamba pa linzake, muthirepo chisanu choumitsa madzi, kenako mudutsepo ndi njovu." Ndi mmene Diso Limodzi analowera m'dziko la Aroma, kudzera kukhomo la kuseri kumene sankamuyembekezera. Akateji anga ankamvetsera kukamwa kuli yasa.

Kenako ndinajambula pa bolodi nkhondo yake yotchuka. Asilikali ake anali ochepa kuposa Aroma. Anaika ofooka pakati, amphamvu m'mbali. Aroma atakankha, apakati aja ankabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, Aroma n'kumalowa poganiza kuti akupambana, mpaka am'mbali anatseka kumbuyo. Ndisanamalize n'komwe, Feliya anaimirira osakweza dzanja.

"Aphunzitsi, limenelotu ndi khoka! Pakati mumalekerera, m'mbali mumakoka. Matemba amadzilowetsa okha."

Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi, palibe mwana anamvetsapo phunziro msanga chotero. Ndinasangalala mpaka ndinaiwala nzeru. Ndinati, "Lachisanu masana mudzationetse khoka limenelo pabwalo la mpira. Aliyense abwere ndi phesi la chimanga, ndilo lupanga lake." Mawu amenewa anatuluka pakamwa panga, pamaso pa kalasi yonse.

Lachisanu lija dzuwa linali loswa mtengo. A Saukila anaimirira pakhonde la ofesi, ndipo poyamba ankaomba nawo m'manja. Feliya anaika tianyamata tating'ono pakati, zimphona za kunyanja m'mbali. Dalitso anathamanga kutsogolo kwa Aroma ake akukuwa, apakati anabwerera, am'mbali anatseka, ndendende ngati pa bolodi. Ndinaimba wezulo kuti nkhondo yatha. Palibe anamva. M'kati mwa chipiringu muja wina anakuwa mawu achipongwe amene anthu amatukwanira Alomwe, n'kuwonjeza kuti abwerere kwawo ku Mozambiki. Wina anayankha kuti, "Obwera ndinu, mudzapita ndi lole yomwe inakubweretsani!" Mapesi anatayidwa, zinayamba zibakera. Ndinalowapo ndikukoka makolala, ndipo amene ndinamupeza akukoka nane anali Feliya, bulauzi itang'ambika paphewa, akukalipira anzake m'Chilomwe. Fumbi litatsika, Dalitso anali pansi, mkono utapindika pamalo posapindika. Ndinamukweza pa njinga yanga mpaka kuchipatala. Njira yonse sanalire, ankangoti, "Aphunzitsi, anatitsekera kumbuyo."

1995: Kalata

Lolemba a Saukila anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko. Patebulo panali kalata yotayipa kale. Inkanena kuti Feliya Namaona anasonkhanitsa anzake popanda chilolezo n'kutsogolera ndewu, ndipo achotsedwe sukulu. Pansi panali malo a dzina langa, monga mphunzitsi wa kalasiyo.

"A Chapola akufuna mutu wa munthu," anatero. "Komiti ikumana Lachitatu. Sainani apa, nkhani ithe."

"Koma bwana, munalipo. Ndinawatuma ndine."

"Ine ndinaona ana akusewera, kenako ndinaona ndewu. A Kamphinda, ndimvereni ngati mkulu wanu. Dzina lanu lili patebulo ku Mulanje. Mukanena kuti munawatuma ndinu, uhedi uja muuiwale. Mtsikanayu ndi wamkulu kale, mawa lomweli akwatiwa. Inu muli ndi ana anayi."

A Saukila sanali munthu woipa, ndipo sindifuna muwakumbukire choncho. Ankanditeteza m'njira yokhayo imene ankaidziwa. Ndinapempha kuti ndiyankhe Lachitatu. Kunena zoona, ana anga, ndinatuluka mu ofesi muja mtima uli kokasaina. Uhedi ndinkaufuna. Unali ndi nyumba ya malata atsopano, ndipo inu munkagona anayi pa mphasa imodzi.

Amayi anu nditawafotokozera sanandilalikire. Anapitiriza kusankha nyemba, kenako anati, "Ana athu alipo anayi, n'zoona. Koma mwana ujanso ali ndi amake."

Lachiwiri masana kunyumba kwathu kunafika bambo wina wamtali, mapazi oyera ndi fumbi, chipewa chili m'manja. Anali a Namaona, bambo ake a Feliya, atayenda wapansi kuchokera kunyanja. Chaka chimenecho Chilwa inali ikuphwa, madzi akuthawa tsiku ndi tsiku, mabwato akutsala pamatope. Anakana mpando, anakhala pansi, ndipo analankhula Chichewa chokoka cha Chilomwe, pang'onopang'ono kuti ndimve.

"Aphunzitsi, ine sindinabwere kudzakangana. Mwana akalakwa, mumenyeni, mumupatse dzenje akumbe. Koma musamuchotse. Nyanja yatithawa. Bwato langa lili pouma, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndinkati ndidzamusiyira maukonde, tsopano maukonde ndi a chiyani? Chotsala n'chipepala cha mayeso chimenecho. Mukamuchotsa, kunyumba kuli kale anthu akudikira ndi mawu a ukwati."

Ndinawafunsa ngati Feliya anawauza amene analamula masewerowo. Anati, "Anandiuza kuti ndi inu. Koma ndamuletsa kunena. Mwana satsutsa mphunzitsi pabwalo." Pamenepo ndinadziwa kuti ndikasaina, palibe adzanditsutse. Chinthu chimenecho ndicho chinandichititsa mantha kuposa a Chapola.

Lachitatu komiti inakhala pansi pa mango. A Chapola analankhula nthawi yaitali, ndipo anali ndi chifukwa, mwana wawo anali pambali pawo mkono uli mu pulasitala. Anati masiku ano ana amva za ufulu ndiye akuyesa ufulu ndi kuthyola anzawo. Feliya anagwada chapatali, maso pansi. A Saukila anawerenga kalata ija, nati yangotsala siginecha ya mphunzitsi wa kalasi, n'kundipatsa cholembera. Maso awo ankandikumbutsa lamulo lachiwiri lija.

Ndinaimirira, cholembera ndinachiika patebulo. Ndinati, "Akuluakulu, kalatayi ndi yabodza, ndipo sindisaina. Anagawa ana awa pawiri ndine. Anajambula nkhondoyi pa bolodi ndine. Anawauza tsiku, malo, ndi chida chobwera nacho ndine. Mtsikanayu anachita zimene mphunzitsi wake anamutuma, ndipo anazichita bwino kuposa mwana aliyense amene ndinamuphunzitsapo. Ndewu itayamba, ndinamupeza akuleretsa. Ngati pakufunika munthu wochoka pa sukulu pano, ndi uyu waimirirayu."

A Chapola anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Ndiye mukuti mkono wa mwana wanga mwathyola ndinu?"

"Ndine, bambo. Ndinauthyola ndi makaka pa bolodi."

Mayi wina wa m'komiti anaseka mosafuna n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. A Chapola sanaseke. Anatembenukira kwa Dalitso namufunsa ngati zinali zoona, ndipo mnyamatayo anati inde. A Chapola anati, "Chabwino. Kalata ilembedwe ina, ya mphunzitsi." Inalembedwadi tsiku lomwelo, ndipo imeneyo ndinasaina.

Yankho la ku Mulanje silinachedwe ngati mmene ankachedwera malipiro. Chenjezo linalowa m'failo yanga, dzina langa linachotsedwa pa uhedi, ndipo anati mayeso akatha ndisamukire ku sukulu ina kutsidya kwa phiri. Failo imeneyo inanditsata mpaka tsiku lopuma ntchito. A Saukila anakhala sabata yathunthu osandilankhula. Kenako tsiku lina anandiitana, anatsegula kabati ndi imodzi mwa makiyi aja, natulutsa bokosi lathunthu la choko limene ankabisira oyendera sukulu. Anati, "Ndinakuuzani kuti musayankhe." Ndinati munandiuzadi, bwana. Anati, "Tengani ichi, mumalize silabasi."

1996: Phunziro lomaliza

Mukhoza kuganiza kuti chovuta chinathera pamenepo. Ayi. Nkhondo inali isanathe, ndipo ine ndekha m'kalasimo ndi amene ndinkadziwa mathero ake.

Ndinawasakanizanso pokhala, mayina aja ndinawaletsa, koma mumtima aliyense ankadziwabe mbali yake. Nyanja inali itauma mpaka anthu ankadutsa pa njinga pamene kale pankayenda mabwato. Ana angapo a kunyanja anasiya sukulu, anatsata makolo awo kokafuna maganyu. Feliya anatsala, wowonda, akudya kamodzi patsiku. Ine ndinazemba mutu wa mathero a nkhondoyo masabata atatu, ndikuphunzitsa za misewu ya Aroma ndi malamulo awo, mpaka Feliya mwini anafunsa kuti, "Aphunzitsi, Diso Limodzi uja tinamusiya pakhomo pa Roma. Analowa?"

Sanalowe. Ndinawauza zonse m'mawa umodzi. Anazungulira m'dziko la Aroma zaka zoposa khumi, akupambana nkhondo koma mzinda osautenga, mpaka kwawo anamuitana kuti adzateteze Kateji, ndipo anagonjera pakhomo pake. Patatha zaka ngati makumi asanu, Kateji ilibenso mphamvu, ikungochita malonda ake, Aroma anabweranso. Anayamba n'kupempha ana a akuluakulu ngati chikole, anapatsidwa. Anapempha zida zonse, anapatsidwa. Atatenga zonsezo ndi pamene ananena lamulo lomaliza. Ndinapereka buku kwa Dalitso kuti awerenge ndime imeneyo, poti ndiye ankawerenga bwino Chingerezi. Mkono wake unali utachira, koma wokhota pang'ono. Anayang'ana ndimeyo, milomo ikuyenda, kenako anatseka buku.

"Sindiwerenga, aphunzitsi. Kaya mundikwapule."

Ndinawerenga ndekha, n'kumasulira m'Chichewa kuti pasakhale wobisala kuseri kwa Chingerezi. Aroma analamula Akateji kuti asiye mzinda wawo, akamange kumtunda, kutali ndi nyanja, kumene sadzaonanso chombo. Ana a asodzi aja sanafunike kuwafotokozera tanthauzo lake. Ndinapitiriza: Akateji anakana, anatseka zipata, akazi anameta tsitsi lawo kupota zingwe za zida, anapirira zaka zitatu. Pamapeto pake mzinda unatenthedwa, otsala anagulitsidwa ukapolo. Olemba mbiri amati ngakhale mkulu wa asilikali a Roma analira ataona motowo.

Palibe Mroma anaomba m'manja. Feliya ulendo uno anakweza dzanja, n'kudikira mpaka nditamuloza.

"Aphunzitsi, tsiku lija munafunsa za bwato, munkadziwa kuti zidzatha chonchi?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munatisankhira kuluza."

Ndinkadziwadi. Ndinatenga ana amene moyo unali ukuwaluzitsa kale, ndinawapatsa mzinda woti aukonde, ndinawauza kuti dikirani muone zokoma, buku la mathero lili m'chikwama changa. Sindinachite mwankhanza, ndinachita mosaganiza, koma kwa mwana kupweteka kwake n'kumodzi. Ndinati, "Ndinalakwa, mwana wanga. Tsopano tenga cholembera. Mayeso sadzakufunsa kuti unali mbali iti." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, nayamba kukopera manotsi.

Mayeso analemba. Zotsatira zinandipeza kutsidya kwa phiri, m'kakalata ka a Saukila ka mizere itatu. Mzere wachiwiri unati Feliya Namaona wakhoza, ndipo mbiri ndiyo wakhoza koposa. Amayi anu anaisunga kalatayo m'Baibulo, ilimo mpaka lero.

2007: Pa Boma

Ndinabwereranso ku Phalombe patatha zaka khumi ndi chimodzi, kukalondola mapepala a penshoni. Inali boma palokha tsopano, maminibasi ali mbwee, anyamata a kabaza akulimbirana chikwama changa. Ndikutuluka mu ofesi ina ndinamva mawu kuchokera kutsidya kwa msewu: "Aphunzitsi a Kamphinda!" Mawu amenewo sungawasokoneze ndi ena. Anali Feliya, tsopano mayi wonenepa bwino, atanyamula mulu wa makope. Anagwada pafumbi pomwepo, anthu akuona, ine n'kumuti dzuka, dzuka, undichititsa manyazi.

Anandiuza kuti anapitiriza mpaka Fomu 4, anaphunzitsa pulayimale, kenako anapita ku koleji, ndipo tsopano amaphunzitsa mbiri pa sekondale ina yoyendera chakunyanja. A Namaona anali atamwalira, koma anaiona nyanja itabwerera, anaonanso malipiro oyamba a mwana wawo. Za Dalitso anati amayendetsa malole ku Blantyre, ndipo akadutsa amaima kudzapereka moni. Kenako anati, "Mawa ndikuyamba mutu uja. Simupita musanaone."

Ndinapita. Anandikhazika kumbuyo pa benchi ya ana, mawondo ali kuchibwano. Mabuku analipo asanu tsopano, koma anawatsekera m'kabati. Anajambula mizinda iwiri ndi nyanja pakati, mofanana ndi mmene ndinkajambulira ine, mpaka kachisumbu ka Sisile kokhala ngati phazi la nkhuku. Kenako anatembenuka nafunsa kalasi kuti, "Ndani mwa inu anakwerapo bwato?"

Ndinafuna kuimirira, kumuletsa, koma mlendo salankhula m'kalasi ya mwini. Manja anakwera, oposa theka, ndipo ndinadziwa ndi mapazi awo opanda nsapato kuti ndi ana a kunyanja.

"Nonse mwakweza manja," anatero, "ndinu Aroma. Khalani pansi apa, muziyerekeza kuti simudziwa kupalasa. Enanu ndinu Akateji, eni nyanja. Nkhondo iliyonse ikatha tizisinthana, ndipo ya pabwalo kulibe."

Kalasi inaseka ngati mmene inasekera yanga. Ana a asodzi anakhala pafumbi akupalasa mokhota dala, ana a pa Boma akuwalangiza zinthu zimene sanazionepo. Feliya anayenda pakati pawo mpaka anafika kumbuyo kumene ndinakhala, nawerama ngati akutola choko.

"Nkhondo zake ndi zitatu, aphunzitsi," ananong'ona. "Ndinawerenga bwino. Yomaliza idzawapeza ana a kunyanja ali Aroma."

Ndinamufunsa ngati enawo sadzadandaula kuti anawasankhira kuluza.

"Ndimawauziratu tsiku loyamba kuti mzindawo udzapsa," anatero. "Inu chokhacho ndi chimene munatibisira."

Anabwerera kutsogolo, naomba m'manja kuti ana akhale chete, ndipo anawauza kuti mzindawo udzapsa.